Munsi Umene Apongozi Anagoneka Pakhomo Panga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene mawu awa akupezani muli gone pamphasa. Ine ndine amake Aginesi. Kobadwira ndi ku Katete, koma ndinakwatiwa kuno ku Chongwe, kumidzi ya kufupi ndi Kasisi, ndipo ndakalambira konkuno. Ndikufuna ndikuuzeni za khosi langa ndi mutu wanga, momwe zinatsala pang'ono kundilekanitsa ndi ana anga, ndi momwe Mulungu anandiyankhira kudzera mwa munthu amene ngakhale kutchalitchi sankapondako.

Zinachitika nthawi ya chipani chimodzi, zaka zija tinkafola pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira, khadi la chipani lili m'manja. Mvula yoyamba inali itagwa. Tinapita ndi amuna anga kukatenga feteleza kudepoti pangolo ya ng'ombe, ndipo pobwerera ine ndinakhala pamwamba pa matumba. Lole ina inatidutsa ikuliza hutala, ng'ombe zinadzidzimuka, ngolo n'kulowa mungalande. Ndinagwa chagada, nkhongo inamenya pansi, khosi linapindika. Za pamenepo sindikumbukira kanthu. Ndimangomva kwa anthu kuti ndinkafunsa funso limodzi mobwerezabwereza, loti kodi feteleza watayika.

Kuchipatala ku Lusaka anandijambula, nanena kuti fupa silinathyoke, koma minyewa ya m'khosi yakokeka ndipo ubongo wagwedezeka. Anandiveka kolala yondigwira khosi, nandipatsa mapiritsi. Adokotala analankhula zomveka bwino: ndikagone pamalo a zii, popanda kuwala kwambiri, ndisasenze kanthu pamutu, ntchito ndikaiyambe pang'onopang'ono. Ndinavomera zonse. Kuvomera kuchipatala n'kosavuta, adokotala sabwera nawe kumudzi.

Kwathu kuno wodwala sasiyidwa yekha, mukudziwa inunso. Kumusiya ndiye kuti mwamutaya. Nditangofika, amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi anabwera, amake Petulo amene ankatitsogolera ali patsogolo, ndi ng'oma ndi maseche. Anadzaza m'nyumba, natsegula chitseko ndi zenera kuti kuwale, nayamba nyimbo. Aliyense wolowa ankafunsa kuti ndagona bwanji, ndipo ine ndinkadzuka, kutembenukira kwa iye ndi khosi lomwelo, n'kuyamba nkhani ya ngolo kuchokera kudepoti. Akachoka awa ankalowa achibale, akachoka achibale ankalowa amayi achipani ndi zitenje zawo. Onsewo ankandikonda, pamenepo sindinakayikepo.

Koma alendo akangotuluka, nyumba inkayamba kuzungulira. M'makutu munkalira, maso ankawawa ngati mwalowa tsabola, nseru inkandigwira mpaka kusanza. Khosi linkauma gwa, ululu n'kutsikira paphewa mpaka zala kuchita dzanzi. Ndinkaiwala zinthu zazing'ono. Tsiku lina ndinamuyang'ana mwana wanga wachiwiri, dzina lake osabwera.

Chimene chinandisokoneza n'chakuti matendawo sankayenda njira imodzi. Ndinkapeza bwino masiku angapo, anthu n'kumati pemphero lagwira ntchito, kenako n'kubwereranso poyambira. Ulendo wina nditamva kupepuka ndinachita manyazi kuona alendo akumwa madzi otunga anthu ena pakhomo panga. Ndinavula kolala, ndinapinda nkhata, ndinatenga kandowa kakang'ono kupita kuchitsime. Kusenza ndinasenza. Ndinatsitsimuka ndili pansi m'njira, chitenje chili chonyowa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinagona kuposa poyamba.

Apa anthu anayamba kunong'ona kuti matenda obwererabwerera chonchi si achipatala, pali dzanja la munthu. Choncho mapemphero anawonjezeka, ng'oma zinakhala ziwiri. Kumunda nako udzu unapitirira chimanga, chifukwa amuna anga ankagwira ntchito pafamu ya ng'ombe zamkaka ndipo kupalira kunali kwanga. Alamu anga a Rozaliya, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, ndiwo anatchula chimene ena ankaganiza. Anati ikangopita Khirisimasi andikweze basi ndikadwalire kwathu ku Katete, ana atsale chifukwa ali pasukulu. Amuna anga ndi munthu wosalankhula, anangoyang'ana pansi. Ine ndinkadziwa akazi amene anapita kukadwalira kwawo, ndipo palibe amene anapita kukawatenga.

Mantha ndinali nawo, koma mphamvu yolira ndinalibe. Ndinkangoyang'ana denga, kuwerengera kuti Aginesi, amene anali wamkulu, adzawaphikira bwanji ang'ono ake. Pemphero limene linali mumtima mwanga ndinkachita nalo manyazi. Mkhristu angapemphe bwanji kuti Akhristu anzake asiye kubwera kudzamupempherera? Koma masana ena, ng'oma ikulira pafupi ndi mutu wanga, ndinanena chamumtima kuti, Ambuye, inu mukuona, ndipatseniko bata. Sindinawonjezerepo china.

Tsono ndikuuzeni za apongozi anga, amayi awo a amuna anga. Anali mayi wamfupi, wa fodya wamphuno, wa pakamwa pakuthwa, ndipo ansembe anali atatopa nawo kalekale. Ine ndi iwo tinkasungirana ulemu wa chipongozi. Sitinkadyera pamodzi, sitinkakhudzana, ndikafuna kuwauza kanthu ndinkagwada patali kapena kutuma mwana. Pa matenda anga onsewo sanalowe m'nyumba kudzaimba. Ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, kuyang'ana olowa ndi otuluka. Ine ndinkati sakundifuna.

Kenako kumudzi woyandikana nafe kunagwa maliro, anthu onse n'kukhamukira kumeneko. Pakhomo panga panati zii. M'masiku amenewo ndinadya, ndinagona tulo, ndinatuluka n'kukakhala pamthunzi osamva chizungulire. Maliro atatha, Lamlungu potuluka ku Misa, gulu lonse linabwera monga mwa masiku onse, ndipo nyimbo yachiwiri isanathe ndinasanza pamaso pawo. Apongozi anaona zonsezi ali pansi pa mango paja.

M'mawa mwake ndinamva chinthu cholemera chikugwa pakhomo. Apongozi anali atatenga munsi wawo n'kuugoneka chopingasa pakhomo la nyumba yanga, nayala mphasa pambali pake, nakhala. Amake Petulo atafika ndi anzawo ndinamva zonse ndili m'kati.

"Odi, tabwera kuona odwala."

"Munamuona dzulo," anatero apongozi. "Akali mwamene munamusiyira."

"Tifuna chabe tipemphere naye, amayi."

"Mulungu wanu samvera patali? Makasu ali apo pankhokwe. Ngati mufuna kuimba, kaimbireni kumunda kwake. Pano salumpha munthu, nakamba."

Ine m'nyumbamo ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi. Kubweza alendo pakhomo la wodwala, kwathu kuno sizichitika. Amayiwo anachoka atakwiya, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti nkhalamba ija ndiyo inalodza mpongozi wake, tsopano ikumubisa kuti imumalize. Amayi amene ankatsogolera azimayi achipani anabwera kudzaopseza kuti akanena kwa atcheyamani a chipani. Apongozi anafwenkha fodya wawo nati, "Kawaitaneni, nawo khasu lilipo."

Sanasunthe pamphasa paja. Patapita masiku, m'mawa wina, ndinamva nyimbo ya Maria ikuchokera kutali, kumunsi kumene kunali munda wathu. Anali amake Petulo ndi amayi ena amene mkwiyo unawathera msanga, akupalira chimanga changa. Nyimbo ija inkafika pang'onopang'ono ndi mphepo, ndipo kanali koyamba chigwereni pangolo kumva nyimbo ya Mulungu mutu osandipweteka. Ndinaimba nawo chamumtima mpaka inatha.

Musaganize kuti ndinadzuka tsiku lomwelo. Kuchira kunabwera mokokeka, ndipo kubwerera m'mbuyo sikunathe. Ndikasesa pabwalo mopitirira muyeso, kapena ndikakhala padzuwa, mawa lake ndinkagona. Koma tsopano ndinkadziwa chimene chandigoneka, ndipo ndinaphunzira kusiya ntchito mutu ukangoyamba kulemera, osadikira kuti nyumba izungulire. Apongozi anayamba kulowa m'nyumba ndi madzi ofunda ndi kansalu, kundithowa khosi ndi manja awo. Tsiku loyamba ndinadzikoka, poti sanandikhudzepo chikwatiwire. Iwo anati, "Khala bwino iwe. Za chipongozi tizaona ukachira." Kuchipatala cha kumishoni nditapita kukaonedwanso, anandiuza kuti kolala ndiziivula pang'onopang'ono, khosi ndizilitembenuza mofatsa kuti lisaumiretu, ndipo ndinachita momwemo.

Khirisimasi itapita, alamu a Rozaliya anabwera kudzatchula tsiku la ulendo wa ku Katete. Anakhala pabwalo ndi amuna anga, ine ndili pakhonde. Apongozi anawasiya alankhule mpaka amalize, kenako anafunsa mwana wawo wamkaziyo kuti, "Umupitikitsa chifukwa cha munda? Pita ukauone munda. Chifukwa cha madzi? Nitunga ine. Basi ija na mabampu a mumsewu, ufuna afike kwao mtembo?" A Rozaliya anati anthu akulankhula zambiri. Apongozi anati anthuwo akulankhula za iwo, osati za ine, ndipo khutu lawo ndi lakale, silimva kuwawa. Pamenepo amuna anga anadzutsa mutu nati, "Sayenda." Nkhani ya basi inathera pomwepo.

Munsi unachoka pakhomo chimanga chitayamba ngaiyaye. Alendo ankalowa mmodzimmodzi, opanda ng'oma, ndipo apongozi akatsokomola panja mlendo ankadziwa kuti nthawi yakwana. Pamutu sindinasenzenso mpaka lero, madzi ndinazolowera kutengera m'manja m'tizigubu, ndipo nyengo yozizira khosi limandikumbutsabe za ngolo ija. Dzina la ufiti silinawachoke apongozi anga. Alipo amene sanawapatsenso moni mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ndanenapo izi m'tchalitchi, ndipo ndikuzinenanso pano kuti amene sanamve amve: mayi uja sanandilodze, anasenza dzina loipa kuti ine ndigone tulo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero limene ndinkachita manyazi kulitchula. Ndikuthokozanso amake Petulo ndi anzawo, amene anameza mkwiyo n'kutola makasu. Inu amene munavulala mutu kapena khosi, mukaona mwabwerera m'mbuyo musataye mtima, ndipo musathamangire nkhata kuti anthu akuoneni kuti mwachira. Mverani zimene anakuuzani kuchipatala, limbikirani kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale losaoneka bwino ngati langa. Inu okazonda odwala, yambani mwafunsa pakhomo ngati mutu wake ukulola nyimbo, ndipo khasu musalisiye kunyumba.

Ana anga ndinawalera ndi manja anga mpaka onse anakula. Tsiku la ukwati wa Aginesi ng'oma zinalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ine ndili pomwepo pakati pa amayi, ndipo sindinachokepo. Ambuye alemekezeke.