Njerwa za ku Mwezi

Pa siteji ya basi ku Aswan, mkulu wina ankaonetsa mnyamata wosamudziwa chithunzi pafoni.

"Mwana wanga Marwan uyu! Mawa akupita kunja, akaphunzire kuumba njerwa ndi dothi la ku mwezi."

"A Haji, ku mweziko madzi alipo?"

"Madzi a chiyani? Magalasi amasonkhanitsa dzuwa, fumbi n'kusungunuka, njerwa yapsa! Anthu adzagona m'nyumba kumeneko, iwe!"

"Ndiye akutumizireni imodzi, adzakutsekereni nayo manda mwapamwamba!"

"Usandiseketse. Yootcha silowa m'manda, timatsekera zosaotcha. Za bambo anga ndinaumba ndine."

"Nanga zanu adzaumba ndani, iye ali kutali?"

"Ndaumbiratu ndekha, zikuuma padenga. Ndamuuza kuti ndi za khola la nkhunda, kuopa angasinthe maganizo."