Mapapo a mbewa anandisandutsa mfiti

Monire mose, abale anga mwa Ambuye. Ndine Tamara Zimba wa ku Chikomeni, ndipo lero ndilankhula mosapsatira, chifukwa ena amene ananditcha mfiti akuwerenga pano.

Pa maphunziro anga a ku yunivesite ndinkafufuza zimene utsi wa m'balani ya fodya umachita m'chifuwa. Ndinkasunga mbewa m'tizikwere, zina pafupi ndi balani, zina kutali. Kenako ndinkachotsa mapapo, kuwadula timagawo topyapyala, n'kuyang'ana pa maikulosikopu kuti ndione mmene atupira. Nyamayo ndinkakwirira, poti inali ndi mankhwala.

Nkhani inagona pamenepo. Kwathu kuno mbewa timataya matumbo n'kudya nyama. Tsono uyu wotaya nyama n'kusunga zam'kati ndi munthu wanji? Mwana wa a Mtonga, mkulu wa mpingo wathu, atayamba kubanika, bambowo anaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti chifuwacho ndatumiza ndine. Anthu amene ndinaimba nawo kwaya kuyambira ndili wamng'ono! Palibe amene anandiikira kumbuyo. Amayi anga anthu analeka kuwapatsa moni kuchitsime. Zinandiwawa, ndipo mpaka pano zimandiwawa.

Tsiku lina masana a Mtonga ndi anthu a pamudzi anabwera kunyumba kwathu ndi zibonga kuti aphwanye maikulosikopu yanga, ine andipirikitse pamudzi. Pemphero langa silinali lokoma ayi. Ndinangoti, "Ambuye, mukungoonerera?"

Mulungu sanatume m'busa. Anatuma mayi Phiri, a ku Kasungu, amene amuna awo amasonkhezera moto m'balani ya a Mtonga. Anthu omwe pamudzi pano timawaona ngati si kanthu. Mayiwo anaima pakhomo n'kunena kuti, "Musanaphwanye, ndione kaye ufitiwo."

Ndinawaikira pa maikulosikopu galasi la mbewa yakutali ndi balani. Papo lake linali la timabowo toyera ngati ukonde. Ndinaika la mbewa ya pabalani. Linali lotupa, timabowo tatsekeka, madontho akuda paliponse. Mayiwo atasuzumira, anatembenukira a Mtonga.

"Bambo, zakudazi ndi zomwe amuna anga amalavula m'mawa uliwonse. Ndipo mwana wanu amagona kuti kukazizira?"

Aliyense ankadziwa yankho. Zibonga zinatsika, anthu n'kuyamba kulimbirana kusuzumira, opanda ngakhale manyazi. Mwanayo anapita naye kuchipatala, ndipo anamupeza ndi mphumu.

Ndikuthokoza Yehova amene anandichotsa m'kamwa mwa abale anga enieni. Yewo chomene, mayi Phiri. Inu amene akukunamizirani lero, musathawe, limbikani pomwepo. Mboni yanu ingachokere kwa munthu amene simumuwerengera.

Za kukhululuka ndikulimbana nazobe, sindinama. A Mtonga sanapepese, ndipo tikakumana pamsika wa Lundazi amayang'ana kumbali. Koma mwana wawo sagonanso pabalani, ndipo akupuma. Amen.