Kupuma kwa Chimphona cha mu Filimu

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1968, ndipo ine mkulu wawo ndinawabereka kumsana ndisanadziwe n'komwe mpando wa ndege. Ndayenda mayiko, ndagona m'sitima nyanja itakalipa, osanjenjemera. Koma lero ndaima pano kuwerenga mbiri ya mng'ono wanga.

Sukulu anayamba mu 1975. Aphunzitsi ankawatulutsa m'kalasi kawirikawiri chifukwa chotsanzira kulira kwa chitseko. Anamanga banja mu 1994, ndipo chaka chomwecho anayamba ntchito yopanga phokoso la katuni ya pa wailesi ya kanema. Mapazi a chimphona cha m'katuniyo, chija ana anu ankachithawa, anali malemu akuguba m'beseni la miyala atavala nsapato zanga zakale. Ndinagula kunja nsapato zimenezo.

Mu 2019 katuniyo inasandutsidwa filimu. Mkulu wa filimu ankafuna kuti chimphona chizipuma moopsa kuposa kale. Anayesa mvukuto, anayesa payipi, osatheka. Tsiku lina malemu atakwera masitepe a situdiyo, anakhala pansi pafupi ndi maikolofoni ali wefuwefu, m'chifuwa mukulira likhweru ngati lochokera pansi pa chitsime. Mkulu wa filimu uja anajambula kupumako pomwepo. Kupuma kumeneko ndi kumene kunaliritsa ana m'nyumba zoonetsera filimu, ife akulu tikuwomba m'manja. Palibe amene anadziwa kuti tikuwombera m'manja matenda.

Mu 2023 madokotala anapeza kuti mapapo awo akuuma, nthenda yoyenda m'magazi imene inatenganso bambo athu. Atisiya Lachiwiri, pa 4 Juni 2024.

Ali m'chipatala anandichonderera kuti nanenso ndikayezetse. Ndinaseka, munthu woti chimfine chimandiopa. Koma dzana mdzukulu wanga anatsamira pachifuwa panga, kenako anathawa akukuwa kuti agogo ameza chimphona. Ndinatseka chitseko n'kumvetsera. Likhweru lomwe lija.

Lolemba ndikupita kuchipatala, ndipo ana onse a malemu akwera nawo. Galimoto yanga ndi yaikulu, palibe wotsala.

Asiya mkazi, ana atatu, adzukulu awiri, ndi ine mkulu wawo. Tikuthokoza anamwino, aneba amene anagona nafe pano, ndi anzawo a ku situdiyo amene anyamula bokosi. Pempho lathu ndi limodzi: alamu akakhala pafupi, musaike filimu ija.

Mng'ono wanga, mzimu wanu uuse mu mtendere, chifuwa chili zii.