Anandiitanira mankhwala a khate pamzere wa sukulu

Achimwene oulutsa mawu, werengani nkhaniyi koma dzina langa musatchule. Linatchulidwa kale mokwanira.

Ndine mnyamata wa ku Mphunzi. Ndili Sitandade 7 ndinatuluka banga pamsana. Kuchipatala anati ndi khate, koma lidzatha ndikamamwa mankhwala. Bambo ogawa mankhwalawo anandilonjeza kuti palibe adzadziwe.

Tsiku lina anachita ulesi kukankha njinga mpaka kwathu kuphiri. Anangofika kusukulu tili pamzere wa m'mawa, n'kukuwa kuti, "Aphunzitsi, ali kuti mnyamata wathu wa khate uja? Abwere atenge mapiritsi ake!" Anatchula ndi dzina lomwe.

Mnzanga wa pabenchi anasamuka tsiku lomwelo. Kumpira anasiya kundiitana. Sukulu ndinaisiya.

Nditakawadandaulira, bambowo anaseka. "Iwe, m'malo mothokoza? Ndinakufupikitsira ulendo."

Wakuba nkhuku amapita naye kukhoti. Nanga woulula matenda a munthu ndikamusumire kuti? Aliyense amene ndamufunsa akuti lamulo lake kulibe.

Banga lija linatha kalekale. Koma kachewere ndimakumba ndekha, ndipo pamaliro amandisungirabe kapu yangayanga.