Galimoto ya Apongozi Ilibe Oyilo

Pamzere wa m'sitolo ya zipangizo za galimoto, bambo wina wonyamula chigubu cha oyilo watsopano ankadzitama kwa mayi amene anali kumbuyo kwake.

"Ine mayi, oyilo ndimasintha ndekha kunyumba. Lero ndayala makatoni, ndatchera beseni, wakale yense ndakhuthulira m'chigubu. Pansi sipanagwe ngakhale dontho!"

"Ha! Amuna anga akasintha, pabwalo pamada sabata yonse."

"Ine ndasesa, beseni ndabisa, boneti ndatseka kuopa fumbi. Munthu sangadziwe kuti pagwiridwa ntchito."

"Ndiye panopa galimotoyo ilibe oyilo?"

"Ngakhale wa supuni. Si uyu ndikugulayu."

"Makiyi muli nawo?"

"Ali pamsomali, kuseri kwa chitseko."

"Mayo ine! Kunyumbako mwawauza?"

"Ayi. Galimotoyo ndi ya apongozi, ndimafuna kuwadabwitsa."

"Bambo inu, akaona pabwalo poyera chonchi, adziwa bwanji? Akangoliza injiniyo, yapsa basi! Imbani msanga!"

Bambo uja anaika chigubu pansi n'kuimba foni kawiri.

"Sakuyankha."

"Mwina ali kubafa."

"Ayi mayi. Apongozi anga amayankha foni ngakhale ali m'tchalitchi. Nthawi imene sayankha ndi imodzi yokha: akamayendetsa galimoto."