Buleki inalowa mpaka pansi

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka inu amene mukudwazika matenda pakhomo. Ine ndine mayi wa kuno ku Nsaru, ndipo ndikufuna ndichitire umboni zimene Mulungu anandichitira ndili ndi sipanala m'manja.

Amuna anga anagwidwa ndi sitiroko chaka chatha. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu nkumatuluka theka. Munthu amene anayendetsa malole kuyambira unyamata wake anasanduka wonyamulidwa. Kapikapu kathu kakale ndi kamene ndimawatengera ku chipatala ku Namitete kukawongola ziwalo, chifukwa m'minibasi amagwera anthu. Adokotala anandichenjeza kuti tikamajomba, mwendowo uuma osadzapindikanso.

Ndiye galimoto nayo inati idwale. Ndikaponda buleki chiwongolero chinkanjenjemera, kutsogolo kukulira ngati munthu akunola nkhwangwa. Makaniko wa pamsika anati madisiki a mabuleki, zitsulo zozungulira zili kuseri kwa matayala zija, anadyeka. Mtedza umene ndinagulitsa unangokwanira madisiki atsopano ndi mapadi ake, tizitsulo togwira disiki ukaponda buleki, koma zomulipira iye panalibe. Tsiku la chipatala linali litayandikira. Sindibisa, ndinadandaula kwa Mulungu mopanda ulemu.

M'mawa mwake abambo akunyumbawo analoza bokosi lawo la masipanala, kenako analoza ine. Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Ndinawakhazika pampando pansi pa mtengo wa mango, ndinamanga chitenje mwamphamvu, ntchito nkuyambika. Miyala kumatayala akumbuyo, jeke, chitsa pansi pa galimoto kuti ingandigwere. Ndikatenga sipanala yolakwika ankagogoda mpando ndi ndodo. Ukapitawo wokha sitiroko sinaukhudze, eti. Disiki yakale inakakamira ndi dzimbiri, ndinaimenya ndi hamala mpaka mapewa kuwawa. Yatsopano ndinaipukuta mafuta, ndinakankhira mkati chitsulo chimene chimapana mapadi, ndinaika mapadi atsopano, ndinamanga mabauti. Dzuwa likupendeka mbali zonse ziwiri zinali zitatha.

Ndinalowa m'galimoto monyadira kuti ndiyese. Nditaponda, buleki inangolowa mpaka pansi, yofewa ngati ndaponda dzungu lowola. Mtima unangoti myuu. Ndinati basi ndawononga, ndipo mwendo wa amuna anga ndaupha ndine.

Abambo anayamba kukuwa ali pampando paja: "Pepa, pepa, pepa."

"Musapepese abambo, wolakwa ndine," ndinawayankha misozi ili chuchuchu. Iwo osasiya, nkhope ikuchita kuwawa. Ndinatsamira chiwongolero nkupemphera mawu ochepa: Ambuye, nzeru zanga zathera pano, nditseguleni.

Nditadzutsa mutu ndinaona phazi lawo lamoyo lija likukwera ndi kutsika pafumbi, kukwera ndi kutsika. Pamenepo makutu anga anatseguka. Sankati pepa ayi, ankati popa. Ukasintha mapadi buleki imafuna kuipopa kaye kuti igwire, koma ine ndikanadziwira kuti? Ndinaponda, kusiya, kuponda, kusiya, ndipo ndinamva ikulimba pansi pa phazi langa mpaka inakana kutsika.

"Kodi mumati ndipope?" ndinawafunsa. Anagwedeza mutu, kenako anaseka. Chidwalireni ndinali ndisanamvepo kuseka kwawo.

Ku Namitete tinafika pa tsiku lake, galimoto ikuima mwakachetechete paliponse ndafuna. Lero abambo amayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika kukhola. Ndikuthokoza Mulungu amene sanatisiye.

Abale anga, musataye mtima yankho likaoneka ngati lachedwa. Langa linali likukuwa pafupi nane, ine ndikulira nkumaliletsa. Pempherani, mudzutse mutu, ndipo odwala anuwo muziwamvetsera kawiri, pakuti Ambuye amayankhula ngakhale pakamwa popotoka.