Ndindi Zokhota za Alamu Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kukomboni kwathu kuno ku Trelawney. Umboni wanga ndi wochititsa manyazi, chifukwa mavutowa sanabwere ndi mdani ayi. Ndinawaputa ndekha, ndipo ndinatsala pang'ono kuoletsa fodya wa mayi wamasiye.

Ntchito yanga ndi yosankha fodya. Anandiphunzitsa ndi malemu bambo anga, amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mapulazi muno. Tsamba ndikangoligwira ndimadziwa mulu umene liyenera kupita. Mapulazi atagawidwa, alimi atsopano anayamba kundiitana, ndipo ndinasonkhanitsa anthu anayi oti tizigwira limodzi. Mmodzi mwa iwo anali alamu anga a Banda, achimwene ake a mkazi wanga.

Vuto linali lakuti ngakhale pomanga ndindi, timitolo ta masamba osankhidwa kale, ndinkawaposa onsewo. Ndikaona munthu akumanga mochedwa mtima unkandiwira, ndipo ndinkasiya tebulo losankhira n'kukamulanda masamba. Tsiku lina ndinamasula ndindi za a Banda pamaso pa azimayi, n'kunena kuti zakhota ngati mchira wa galu. Iwo anangotola chipewa chawo n'kutuluka. Sabata isanathe enawo anawatsatira, ine n'kumati phokoso lachepa.

Nthawi imeneyo tinali pa fodya wa Mai Moyo, amene mwamuna wawo anamwalira fodyayo ali m'munda. Tinali titamufewetsa kale ndi chinyezi kuti asamathetheke, ndipo fodya wotero sadikira munthu. Ine ndekha ndinkasankha, kumanga, n'kudindanso mabelo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mabelo awiri oyamba anabwezedwa kumsika chifukwa ndinasakaniza masamba, ine amene ndinkadzitama ndi maso anga. Kenaka pansi pa mulu panayamba kununkha chuku.

Mai Moyo sanakalipe. Anaima pakhomo la shedi n'kunena m'Chishona chawo kuti, “Sekuru, fodya iyi ndiyo sadza revana vangu.” Amatanthauza kuti ana awo adzadya kuchokera pa fodya ameneyo. Bwenzi atanditukwana zikanandipepukira. Lole inali kubweranso Lachisanu, ndipo ntchito yotsala inali ya masabata awiri.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi, poopa kukumana maso ndi alamu anga. Ndinagwada m'shedimo masana. Ndikuuzeni zoona, ngakhale pemphero langa linali lonyada. Ndinati, Ambuye, ndipatseni mphamvu za anthu anayi. Sindinapemphe anthu, ndinapempha mphamvu zawo zokha.

Lolemba m'mawa ndinamva mapazi panja. Anali a Banda ndi atatu aja. Mkazi wanga anali atapita kukawadandaulira ine osadziwa. Ndinasowa poyang'ana. Ndinayamba kupepesa, koma iwo anandidula.

“Alamu, kumanga mumatiposa, sitikukana. Koma inu mukamamanga, akusankha ndani? Ife tsamba sitilidziwa. Khalani patebulopo, ndipo musacheuke.”

Kusacheukako ndiye kunali mtanda wanga. Ndinkamva akumanga pang'onopang'ono kumbuyo kwanga, zala zikundiyabwa, koma ndinaluma mano. Ndinadabwa kuona kuti maso anga osatopa ndi zina ankasankha fodya wokwanira kutangwanitsa anthu anayi. Wachuku tinamutaya, ndipo ameneyo ndi mlandu wanga mpaka lero. Wotsalayo anakwera lole Lachisanu.

Palibe belo limene linabwezedwa. Ndindi zanga zowongoka zija ndi zimene zinabwezedwa kumsika poyamba paja, pomwe zokhota za alamu anga zimene tinatumiza zinagulidwa zonse.

Ndikuyamika Mulungu amene anakana pemphero langa n'kundipatsa chimene ndinkachikana. Inu amene muli ndi kabizinesi, kaya ka utelala kaya ka ukalipentala, musataye mtima mukafika pothina, pempheranibe. Koma mudzifunsenso kuti ntchito imene palibe wina angaigwire m'malo mwanu ndi iti, ndipo zinazo muwasiyire anzanu, ngakhale muzidziwe kuwaposa. Ndindi imodzi ya a Banda ndinaipachika pamwamba pa tebulo langa. Ndi yokhota ndithu, ndipo sindinaiwongole. Ambuye alemekezeke.